Kukaonetsa Mtima wa Felista ku Tete

Tinanyamuka ku Chidzolomondo Lachiwiri m'mawa, mwezi wa Outubro, dzuwa lisanayambe kuwawa. Pa mota imodzi, njinga yamoto, tinakwerapo atatu kuwonjezera pa woyendetsa: ine, amuna anga a Jeronimo, ndi mwana wathu Felista, amene nthawi imeneyo anali ndi zaka ziwiri ndi miyezi isanu. Ana athu awiri akuluakulu tinawasiya kwa apongozi. Felista sindinamubereke kumbuyo. Ndinamumangirira pachifuwa ndi kapulana, nsalu yanga ya m'chiuno, kuti ndiziona milomo yake njira yonse.

Milomo imeneyo ndiyo inatiyendetsa. Chibadwire, ukamutsegula pakamwa Felista, lilime ndi nkhama zimaoneka ngati wangodya kumene jambula. Nsonga za zala zake n'zotupa. Anachedwa kuyenda, ndipo atayamba, ankangoponda kasanu kapena kasanu ndi kamodzi n'kunyonyomala pansi, akupuma ngati wathamangitsidwa. Choopsa kwambiri chinali akalira. Akalira nthawi yaitali ankada thupi lonse, maso n'kutembenuka, n'kulefuka ngati nsanza. Kumudzi ena ankati ndi khunyu, ena ankati pali munthu amene tinamulakwira.

Amene anatiuza kuti ndi mtima ndi a enfermera, anamwino a ku Furancungo, a Dona Selina. Ndi iwonso amene anandiphunzitsa chochita matendawo akamugwira: kumunyamula, kupinda miyendo yake mpaka mawondo agunde pachifuwa, n'kumugwira choncho mpaka mtundu ubwerere. Anandiuzanso kuti asamakhale ndi ludzu, chifukwa magazi ake ndi olimba kale. Tsopano anali atatumiza uthenga woti madotolo a mitima ya ana akubwera ku chipatala chachikulu cha ku Tete, ndipo akhalako masiku atatu okha, Lachitatu mpaka Lachisanu.

Wa mota tinamuimitsa kawiri panjira. Fumbi linkamutsokomoletsa mwana, ndipo akatsokomola ine mtima unkachoka m'malo. Kachiwiriko woyendetsayo anadandaula.

"Amayi, tikamaima chonchi tifika mawa."

"Bola tifike naye," anayankha a Jeronimo.

Ku Furancungo tinayamba tapita kwa a Dona Selina kukatenga giya, kalata yotitumiza ku chipatala chachikulu. Anamuyang'ana Felista m'kamwa, anamumvetsera pachifuwa, kenako anandigwira dzanja.

"Kumunsiko kukutentha kwambiri mwezi uno. Madzi, amake Felista, madzi. Pang'onopang'ono koma osalekeza. Ndipo asalire. Chilichonse chimene akufuna, mupatseni."

Pa parajemu, pamene pamaima magalimoto, tinapeza shapa imodzi yokha yopita ku Tete, kaminibasi koyera kamene chitseko chake chinali chomangidwa ndi lamba. Mtengo unali kinyentos, mametikali mazana asanu, munthu mmodzi. Tinalowa, tinakhala mpando wa pawindo. Mkatimo munali kale anthu anayi. Motorista, woyendetsa shapayo, anati tinyamuka ikadzaza. Dzuwa linafika pamutu tikadali asanu ndi awiri. Mayi wina anatsika kukagula nthochi, sanabwerenso. Motorista ankaliza injini, kuyendetsa galimoto pang'ono ngati akunyamuka kuti anthu athamangire, kenako n'kubwerera pamalo pomwe paja. Cha m'ma faifi koloko ndi mmene ena amanenera kutsidya, ife timati dezasete ora, anazimitsa injini n'kunena kuti ulendo ndi mawa mamawa. Tinakagona kwa msuweni wa a Jeronimo kuseri kwa msika. Tsiku limodzi linapita choncho, koma tinkadzilimbitsa mtima kuti Lachitatu madzulo tikhala tafika.

Lachitatu shapa inadzaza mpaka kupitirira. Pamwamba anasanjikapo matumba a nyemba, ndipo mwini wake, bambo wina wamtali wa chipewa cha mlaza, anakhala kutsogolo kwathu. Pambali panga panakhala mayi wovala magalasi, a profesora Amelia, mphunzitsi wa ku Furancungo koma kwawo ndi ku Zambezia. Chichewa ankachilankhula mothyokathyoka. Anayang'ana zala za Felista nthawi yaitali. Anangotsegula chikwama n'kumupatsa bolasha, kabisiketi.

Msewu wa ku Furancungo aliyense amaudziwa. Uli ndi maenje oti galimoto imalowa n'kutulukira mbali ina. Felista anagona, kudzuka, kumwa madzi, kugonanso. Tinali ndi chigubu chimodzi cha malita asanu. Tinadutsa Kazula dzuwa litakwera ndithu, njira ikutsetsereka kulowa m'dziko la malambe, mphepo yolowa pawindo ikutentha ngati yochokera m'ng'anjo. Ndiye tinangomva kho! kunsi kwa galimoto. Shapa inapendekeka, inakwekwereza pang'ono, n'kuima.

Motorista analowa kunsi, anatuluka akupukuta manja. "Mola yathyoka, chitsulo chonyamula galimoto kunsiku. Matumba awa ndi amene achititsa."

"Matumba anga ndawalipirira," anatero bambo wa nyemba. "Galimoto yanu ndi yowola."

Anakangana kwa kanthawi, ife titatsika n'kukhala pansi pa mlambe umene unalibe tsamba ndi limodzi lomwe. Mthunzi wake unali wa thunthu lokha, ndipo tinkasuntha nawo pamene dzuwa linkayenda. Mota ina itadutsa, motorista anakwera nayo kupita ku Matema kukafuna chitsulo china. Anati abwera posachedwa.

Panadutsa magalimoto atatu tsiku lonselo. Awiri anali odzaza, ina sinaime n'komwe. Mudzi wapafupi sunkaoneka. Anthu madzi anawathera, ndipo maso awo anayamba kubwera pa chigubu changa. Mayi wina woyamwitsa anandipempha, ndinamuthirira m'kapu. Kenako anabwera bambo wina wachikulire, wa msinkhu wa abambo anga, atagwira kabotolo kopanda kanthu.

"Mwanawe, pang'ono pokha, ndinyowetse kukhosi."

Ndinayang'ana pansi. "Pepani agogo, ndi a mwanayu."

Anaima pang'ono, n'kubwerera kukakhala. Chibadwire ndinali ndisanamanepo munthu madzi. Mpaka lero ndikakumbukira kabotolo kaja ndimachita manyazi, komabe ndikudziwa kuti atabweranso ndingawamanenso.

Dzuwa litapendeka pang'ono, Felista anadzidzimuka kutulo thupi lili moto. Anayamba kulira. Ndinamupatsa madzi, anakankha kapu. A profesora anamupatsa bolasha, anataya. Ndinamuyamwitsa ngakhale anali atasiya kalekale, anakana. Kulirako kunasintha, kunayamba kudukaduka, mpweya akuukoka mozama komanso mofulumira. Ndinaona milomo ikuda, kenako nkhope yonse, kenako zikhadabo. Mutu unagwera kumbuyo.

Ndinamukumbatira n'kupinda miyendo yake mwamphamvu mpaka mawondo anafika pachifuwa. Anthu anatiunjirira.

"Muthireni madzi kumutu!"

"Muikeni supuni m'kamwa, ndi khunyu ameneyo!"

Bambo wa nyemba anagwada n'kugwira mwendo wa mwana kuti auwongole. "Mayi inu mukumuthyola mwana! Musiyeni apume!"

A Jeronimo ndi munthu wosadziwa ndewu, koma anawakankha bambowo mpaka anakhala pansi m'fumbi. "Musamukhudze! Akudziwa chimene akuchita!"

A profesora anavula kapulana yawo, anaitambasula pamwamba pathu, n'kukalipira anthu m'Chipwitikizi kuti asunthe. Ine sindinkamva zambiri. Ndinkangolankhula m'khutu mwa mwana, kumutchula dzina, kumuuza kuti amake ndili pompano. Kunyumba zikachitika zinkatha msanga. Apa sizinkatha. Ndinayamba kuganiza za mmene tidzabwererere naye kumudzi, ngati shapa zimalola kunyamula maliro a mwana pamiyendo.

Kenako anakoka mpweya umodzi wautali, anatsokomola, ndipo pang'onopang'ono mdima uja unayamba kuchoka kumaso. A profesora anayang'ana foni yawo.

"Doze minutu," anatero chapansipansi, kutanthauza mphindi khumi ndi ziwiri. "Mukawauze madotolo. Doze."

Felista anagona tulo tofa nato. Nditakweza maso, a Jeronimo panalibe. Ndinawapeza kuseri kwa mlambe atatsamira thunthu, chipewa chili kumaso.

"Amake Felista, tibwerere," anatero osandiyang'ana. "Timuphera panjira mwanayu."

"Tibwerere kuti? Kumudzi kuli chiyani?"

Tinabwerera limodzi kwa mwana.

Motorista sanabwere tsiku limenelo. Tinagona pamsewu pomwepo. Lachinayi m'mawa kunabwera lole yonyamula chimanga, ndipo a profesora anakaima pakati pa msewu mpaka inaima. Anakangana ndi woyendetsa nthawi yaitali, akuloza ife, mpaka analola kuti ine ndi mwana tikhale kutsogolo, ena akwere pamwamba pa matumba. Bambo wa nyemba anatsala kuti alondere katundu wake. Pamene ndinkakwera anabwera pafupi, anavula chipewa.

"Mayi, dzulo sindinadziwe. Muyende bwino."

Loleyo inkayenda ngati ikukokedwa. Inaima ku Matema kuti woyendetsa adye, inaimanso pena kuti injini izizire, inaimanso kwa apolisi. Pa Matema tinadzaza chigubu. Titalowa msewu wa phula ndinayamba kuwodzera, ndipo mlatho wa Zambezi ndinauona ngati m'maloto. Tinafika pachipatala dzuwa litatsala pang'ono kulowa. Madotolo anali ataweruka. Wa pakhomo anawerenga giya yathu n'kutipatsa kapepala ka nambala ya mawa lake, tsiku lomaliza. A profesora anatiperekeza mpaka pamenepo, n'kutsanzika. Sindinawaonenso.

Lachisanu tinakhala pa bisha, pamzere wodikira madotolo, kuyambira m'mawa. Pamenepo m'pamene ndinaona koyamba kuti Felista sali yekha padziko. Pa benchi panali ana ena a milomo yakuda, ena oonda oti nthiti zikuwerengeka, ena opuma ngati nkhunda. Pafupi nane panakhala mayi wina wa ku Mutarara ndi kamnyamata kake. Sitinkamvana chilankhulo. Anatenga dzanja la Felista, analiika pambali pa dzanja la mwana wake, tonse n'kuyang'ana zala zotupazo. Anagwedeza mutu, inenso ndinagwedeza.

Tinalowa dzuwa litadutsa pamutu. Dotolo anali mayi wa imvi, wolankhula mofatsa. Anamugoneka Felista, anamupaka mafuta ozizira pachifuwa, n'kumayendetsapo kachipangizo kamene kankaonetsa mtima pa galasi. Ndinamugwira miyendo n'kumamuimbira kuti asalire. Ana ena ankatuluka msanga, koma ife tinakhalitsa. Dotoloyo anaitana mnzake, onse awiri n'kumaloza pa galasi, akulankhulana motsitsa mawu. Ine sukulu ndinalekeza kinta klasi, kalasi yachisanu, Chipwitikizi cha madotolo sindichimva. Ndinkangoyang'ana nkhope ya amuna anga, amene amamvako, ndipo ndinaona nkhopeyo ikugwa mawu asanafike kwa ine.

Anaitana enfermera wina wa ku Angonia, wolankhula Chichewa, kuti azimasulira. Dotolo anajambula mtima papepala. Anati pakati pa zipinda ziwiri pali bowo, koma bowolo palokha silikanawadetsa nkhawa kwambiri. Vuto lalikulu n'lakuti njira yotengera magazi ku mapapo inatsala pang'ono kutsekeka, ndipo mitsempha ya m'mapapo momwemo sinakule, ndi yaing'ono ngati ulusi. Anati mwa ana obadwa ndi vuto la mtima, oterewa amawaona mwa apo ndi apo.

"Kodi ndinalakwitsa chiyani ndili ndi pakati?" ndinafunsa.

Dotolo anayankha yekha asanamasuliridwe bwinobwino, akupukusa mutu. "Nada, mama. Nada."

"Akuti palibe," anatero enfermera. "Zimangochitika mwana akamaumbika."

Ndinawauza za doze minutu zija. Dotolo analemba, n'kundiuza kuti ndinachita bwino, ndipo ndizichita chomwecho nthawi zonse. Anatipatsa mapiritsi oti ndizidula panayi n'kumamumwetsa katatu patsiku osadumphitsa, kuti kuda kuja kuchepe, ndi mankhwala ena amadzi owonjezera mphamvu m'magazi. Anati akatsegula m'mimba kapena akatentha thupi, ndisadikire kuti kuche, ndithamange naye kuchipatala. Anati mankhwalawa sachiza. Chofunika ndi operasau, mwina awiri, ndipo zimenezi zimachitikira ku Maputo kokha. Sitilipira kanthu, koma pali lista, mndandanda wa odikira, ndipo ana ndi ambiri kuposa manja amene angawachite. Dzina la Felista analilemba, ndi nambala ya foni yathu.

"Ndiye akula?" ndinafunsa.

Dotolo analankhula nthawi yaitali, akundiyang'ana m'maso. Enfermera ananena mawu ochepa chabe.

"Akuti sangakulonjezeni."

Titatuluka panja ndinawagwira malaya a Jeronimo. "Dotolo uja walankhula zambiri. Ndiuzeni zonse."

Anazengereza, koma ndinawaumiriza. Anati dotolo wanena kuti popanda operasau n'zokayikitsa kuti Felista angafike msinkhu woyamba sukulu. Ndipo ngakhale atatiitana ku Maputo, akayamba amuyeza kaye, chifukwa mwina akapeza kuti mitsempha ija ndi yaing'ono kwambiri moti palibe pogwira. Tikhoza kukafika mpaka kumeneko n'kutibweza.

Ndinakhala pansi pakhonde, anthu akundilambalala. Felista ankasewera ndi chivundikiro cha chigubu.

Panali chinanso. Tili mkati muja dotolo anafunsa kuti kwathu n'kutali bwanji ndi chipatala, ndipo atamva kuti timayenda theka la tsiku, komanso kuti foni imagwira pokhapokha ukakwera pachulu, anati mwanayu sangakhale kumeneko. Ine kwathu ndi ku Tsangano, kufupi ndi sede, likulu la boma, ndipo nyumba ya makolo anga ili pafupi ndi chipatala. Tinagwirizana pakhonde pomwepo kuti ine ndi Felista tipite ku Tsangano ndi foni, a Jeronimo abwerere ku Chidzolomondo. Mbande za fodya zinkafuna kuthirira, ana awiri aja ankadikira. Banja lathu tinaligawa choncho, osakambirana nthawi yaitali.

Loweruka m'mawa tinapita ku parajemu. Shapa yanga inali yopita ku Ulongwe, yawo inali mbali ina. Felista amawakonda kwambiri abambo ake, ndipo akaona akuchoka amalira mpaka kugubuduka. Tonse tinkadziwa tanthauzo la kulira kumeneko. A Jeronimo anamunyamula, anayenda naye uku ndi uku, anamugulira lalanje, anamusendera. Kenako anandipatsa mwanayo kudzera pawindo.

"Muonetseni mbuzi izo," anatero.

Ndinamutembenuzira mbali ina n'kumulozera mbuzi zimene anthu ankakweza pa galimoto. Felista anaseka. Mmene ankatembenuka kuti awaonetse abambo ake, iwo anali atazungulira kuseri kwa mabasi. Sanamutsanzike, ndipo ine sanandiuze kuti yendani bwino. Mwana anafunsa kuti "Papa?" kuyambira ku Moatize mpaka ku Mussacama, ine ndikumunamiza kuti apita kukagula bolasha.

Tinatsika pa Mphulu, pamene msewu wa ku Tsangano umapatukira. Pamenepo tinadikiranso maola angapo. Nthawi ya mankhwala inakwana, ndipo ndinayesa kudula piritsi ndi chikhadabo. Linanyenyeka, theka linagwera m'fumbi. Ndinalitola, ndinaliuzira, n'kumumwetsa. Kenako kunabwera galimoto yopanda katundu yokatenga mbatatesi kumtunda, inatipatsa boleya, kutitenga mwaulere. Pamene tinkakwera mapiri mphepo inayamba kuzizira, ndipo Felista anagona bwino koyamba chichokereni kunyumba.

Ndikunena izi patapita miyezi isanu ndi iwiri. Tikadali ku Tsangano. Foni ndimayenda nayo m'kapulana, ndimapita nayo ngakhale kumadzi, koma a ku Maputo sanaimbe. Mankhwala anathandizako, kuda kuja kumabwera patalipatali, komabe masitepe ake sakuwonjezeka, ndipo kawiri konse ndathamanga naye kuchipatala ali lefu. A Jeronimo abwera kamodzi kokha, chifukwa mvula inadula msewu. Ana anga awiri aja sindinawaone.

Tsiku limene tinafika, abambo anga anali atamva kale uthenga kuti tikubwera. Ndi munthu wa ng'ombe, ndipo moyo wawo wonse sanagulitsepo ndi imodzi yomwe, ngakhale chaka cha njala. Ndinapeza ng'ombe ziwiri zikuluzikulu, zimene amakokera ngolo, atazimangirira pa mtengo wa pichesi pabwalo. Atatilonjera, anamunyamula Felista n'kumukhazika pamwendo.

"Matilide, usalire. Ndalankhula kale ndi wogula, abwera Lolemba. Zikapanda kukwana tigulitsa zina. Uwauze madotolowo kuti ayambepo."

"Ababa, si za ndalama."

"Usandibisire. Anena zingati?"

"Sakufuna kanthu. Operasau ndi yaulere. Koma pali lista, tidikire foni."

"Ndiye tipereke kuti amuike patsogolo."

"Patsogolo pali ana a anthu ena, ababa, odwala ngati yemweyu. Ndawaona ndi maso anga. Ndipo akuti ngakhale atiitane, mwina sizitheka."

Ndinawafotokozeranso kuyambira poyamba, bowo, mitsempha, zonse, ndipo anamvetsera osandidula. Felista ankawakoka ndevu. Nditamaliza anamupereka kwa amayi, anadzuka pang'onopang'ono, n'kupita pa mtengo paja. Anamasula chingwe choyamba, anamasula chachiwiri, koma sanazikuse. Anangoima atagwira zingwezo m'manja, ng'ombe zikudya udzu wa m'mphepete mwa bwalo.

"Ndiye zaka zonsezi," anatero osatembenuka, "ndimaziwetera chiyani?"